Mbale zakale za soul ndi funk za m'sutikesi ya amalume: titaye kapena tisunge?

Mnyamata wa ku Kawale: Akuluakulu moni nonse. Tikukonza m'nyumba ya malemu amalume athu tapeza sutikesi yodzaza ndi mbale za galamafoni, zambiri ndi zing'onozing'ono zija za chibowo chachikulu pakati. Amalumewo anagwirapo ntchito ku Joni zaka za m'ma 1970. Mayina amene ndikutha kuwerenga ndi Otis Redding, Percy Sledge, Wilson Pickett, Aretha Franklin, James Brown, The Temptations ndi Booker T. & the M.G.'s. Zina mapepala ake anadyedwa ndi chiswe. Mayi akuti titaye zikungodzaza malo. Kodi zili ndi ntchito? Poti nyimbo zonsezi zili kale pa YouTube.

Madala a Gumbagumba: Mwana wanga, usayerekeze. Uwauze mayi akowo kuti pali nkhalamba ina ku Ndirande yomwe ibwera wapansi kudzatenga sutikesiyo ngati yawatopetsa. Choyamba chotsa mbalezo m'sutikesi, uziimike chilili ngati mabuku pa shelefu, osazisanjikiza chogona. Uziike kutali ndi dzuwa komanso kutali ndi denga la malata. Kutentha kwa mwezi wa October kumapinda mbale, ndipo ikapindika kuiwongola n'kovuta.

Mayi a Kwaya: Ndangoona dzina la Percy Sledge mtima wanga wadumpha. Bambo athu ankamukonda munthu ameneyu koopsa. Pa ukwati uliwonse wa nthawi imene ija, ikafika nthawi yovina awiriawiri, "When a Man Loves a Woman" simalephera.

Achimwene a ku Joni: Sizodabwitsa kuti amalume anu anali ndi Percy Sledge. Kuno ku South Africa munthu ameneyu anali mfumu. Anabwera m'chaka cha 1970, nthawi ya tsankho, ndipo poyamba anamulola kuimbira anthu osakhala azungu okha pa holo ya Luxurama ku Cape Town. Azungu ankafunitsitsa kulowa nawo moti zimanenedwa kuti ena ankadzibisa maonekedwe kuti alonda asawazindikire. Panatulukanso chimbale cha ulendo umenewo. Mpaka lero mukalowa m'malo ogulitsa mbale zakale ku Johannesburg, wa Percy Sledge simumusowa. Taonani pa pepala lapakati pa mbalezo, mupeza kuti zambiri zinadindidwa konkuno ndi makampani ngati Teal ndi Gallo, osati ku America.

Mnyamata wa ku Kawale: Zoonadi achimwene, zina zalembedwa kuti zinapangidwa ku South Africa. Ndiye kuti ndi zabodza?

Achimwene a ku Joni: Ayi, si zabodza. Makampani a ku America ankapereka chilolezo, kenako mbale n'kudindidwa kuno kuti mtengo utsike. Nyimbo ndi yomweyo.

Wa Besi ku Chipata: Ngakhale kwathu kuno Teal inali ndi fakitale yodinda mbale ku Ndola. Koma tibwerere ku funso la mnyamatayu, loti bwanji osangomvera pa foni. Ine ndine woimba besi, ndiye ndiyankha monga wa besi. Sipika ya foni imadya besi yonse. Nyimbo zimenezi mtima wake uli pansi, pa besi ndi ng'oma. Ukazimvera pa foni umangomva mawu a woimba ndi tambolini, n'kumaganiza kuti wamva nyimbo.

Mlongo wa ku Manchester: Apo ndikutsutsani pang'ono achimwene. Vuto limenelo ndi la sipika, si la mbale. Mukalumikiza foni ku masipika abwino besi imamveka ndithu. Tisamunamize mwanayu kuti m'pulasitiki muli matsenga. Chimene mbale imapereka ndi china. Ili ndi mbali ziwiri, ndipo imakukakamiza kutembenuza. Pa intaneti umangomvera nyimbo imene inatchuka basi. Chitsanzo: mu 1967 Etta James anatulutsa "Tell Mama", koma kuseri kwa mbale yomweyo kunali "I'd Rather Go Blind", imene lero anthu ambiri amaiona ngati yoposa ya kutsogoloyo.

Madala a Gumbagumba: Mwanena zoona mayi. Ngakhale "Green Onions" ya Booker T. & the M.G.'s imene mnyamatayu wanena kuti ali nayo mbale yawo, poyamba inali ya kuseri. Anyamatawo anali mu situdiyo kudikira ntchito ina, n'kuyamba kungoseweretsa zida. Ndi mu 1962 mmenemo, Booker T. Jones ali ndi zaka 17 zokha, mwana wasukulu. Wailesi zitayamba kuiimba, kampani inatembenuza mbale, yakuseri n'kukhala yakutsogolo.

Ndipo popeza tafika pa Stax, kampani ya mbale imene anyamatawa ankaimbira, ndiloleni ndikhalepo pang'ono, chifukwa kwa ine soul yeniyeni ndi ya ku Memphis. Situdiyo ya Stax inali nyumba yakale yoonetseramo kanema pa msewu wa McLemore. Eni ake anali Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton, azungu, koma anaika situdiyo pakati pa dera la anthu akuda. Anachotsa mipando koma pansi panatsala potsetsereka monga mwa nyumba za kanema, ndipo chipinda chimenecho chinali ndi kamvekedwe kakekake. Kutsogolo mayi Axton anatsegula kasitolo kogulitsa mbale. Nyimbo ikajambulidwa mkati, ankaiimba m'sitolomo n'kumayang'ana ngati achinyamata a m'deralo akugwedeza mutu. Gulu loimbira onse linali la anthu anayi: Booker T. pa limba, Al Jackson pa ng'oma, Steve Cropper pa gitala, ndipo pa besi poyamba Lewie Steinberg kenako Duck Dunn. Akuda ndi azungu m'chipinda chimodzi, mumzinda momwe sakanaloledwa kudyera limodzi m'malesitilanti ambiri. Onse ankaimba nthawi imodzi, woimba ndi malipenga omwe, tepi ikuzungulira. Wina akaphonya, onse ankayambiranso. N'chifukwa chake ukamamvera Otis Redding umamva kuti anthuwo akuyang'anana.

Mlongo wa ku Manchester: Ndinadziwa kuti madala afika pamenepa kkkk. Ndiye Motown si soul yeniyeni?

Madala a Gumbagumba: Motown ndi fakitale, mwana wanga. Berry Gordy, amene anayambitsa kampani ya mbale imeneyi, anagwirapo ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Detroit, ndipo nyimbo ankazipanga momwemo. Wina alembe, wina aimbe zida, wina aike mawu, wina aphunzitse kuvina, wina aphunzitse atsikana kayendedwe ndi kagwiridwe ka foloko. Lachisanu lililonse ankakhala pansi kuvotera nyimbo yoti ituluke. Zonse zosalala, zopaka mafuta, kuti azungu agule.

Mlongo wa ku Manchester: Zonse mwanenazo n'zoona, koma mwazinena ngati mlandu. Mnyamata wakuda anabwereka madola 800 kwa abale ake mu 1959 n'kumanga kampani imene inafika pamwamba penipeni pa msika wa nyimbo ku America, mwini wake ali munthu wakuda. Stax imene mukuitamayo eni ake oyamba anali azungu, mwanena nokha. Maxine Powell, mphunzitsi wa makhalidwe ku Motown, ankaphunzitsa ana a m'makomboni a Detroit kaimidwe pamaso pa anthu chifukwa ankadziwa kuti akalakwitsa pang'ono, dziko silidzawakhululukira. The Supremes anakhala pa nambala 1 ndi nyimbo zisanu zotsatizana mu 1964 ndi 1965. Fakitale yanji yotulutsa David Ruffin wa The Temptations akulira pa "Ain't Too Proud to Beg"? Mverani kaye, kenako mundiuze kuti ndi zosalala.

Wa Besi ku Chipata: Pa mkangano uwu ine ndili pakati, koma mwendo umodzi uli ku Detroit chifukwa cha munthu mmodzi, James Jamerson. Mnyamata wa ku Kawale, tenga mbale ya The Temptations ili m'sutikesimo. Ngati ndi "My Girl", tcheru ku besi imene imatsegula nyimboyo. Ndi iyeyo. Ankakhwatcha ndi chala chimodzi chokha, pa besi ya Fender Precision imene nsambo zake ankakana kusintha. Iye ndi anzake, amene ankadzitcha Funk Brothers, ankaimba m'kasitudiyo ka pa nyumba ya Hitsville, likulu la Motown, pa West Grand Boulevard, masana kujambula, usiku kukaimba jazi m'mabala. Nawonso ankaimba onse pamodzi m'chipinda chimodzi, madala, chimodzimodzi ku Memphis. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayina awo sankalembedwa pa mbale. Zinatheka mu 1971 pa chimbale cha Marvin Gaye cha "What's Going On", chimene Gordy poyamba sanachikonde n'komwe. Chaka chotsatira kampani inasamukira ku Los Angeles, ambiri mwa anyamatawo n'kutsala ku Detroit opanda ntchito. Jamerson anamwalira mu 1983 anthu ambiri osadziwa kuti besi imene anakulira akuvina inali ya munthu mmodzi.

Madala a Gumbagumba: Za Jamerson sinditsutsa. Ameneyo ndimamuvulira chipewa.

Mayi a Kwaya: Abambo inu mukukangana za Memphis ndi Detroit koma mwaiwala kumene zonsezi zinachokera. Zinachokera kutchalitchi. Ine ndakhala m'kwaya kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndikamva Aretha Franklin ndimamva mwana wa abusa. Bambo ake, a C. L. Franklin, anali m'busa wa mpingo wa New Bethel Baptist ku Detroit konko. Kuyankhizana kuja kwa wotsogolera ndi oyankha, kukweza mawu pang'onopang'ono mpaka holo yonse iime, limba lija, kuwomba m'manja, zonsezo ndi za m'mapemphero. Sam Cooke anali wotsogolera gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers. Atafuna kuyesa nyimbo zachikondi anachita kubisala pa dzina lina, Dale Cook, kuopa anthu a mpingo. Koma mawu ake ndani akanawasokoneza? Ray Charles ndiye anachita kutenga nyimbo yotamanda Yesu, n'kusintha mawu kukhala otamanda mkazi, ndiyo "I Got a Woman" ya 1954. Abusa a nthawi imeneyo anakwiya kwambiri.

Mnyamata wa ku Kawale: Ndiye inuyo mayi, monga munthu wa kwaya, mumaziona bwanji? Sanalakwe?

Mayi a Kwaya: Funso limenelo limandivutabe mwana wanga. Za Ray Charles zija sindisangalala nazo, nyimbo ya kuguwa ndi ya kuguwa. Koma ndimaonanso kuti ambiri a iwo sanachoke kwenikweni. Aretha, ali pachimake pa kutchuka, mu January 1972 anakalowa m'tchalitchi ku Los Angeles ndi a James Cleveland ndi kwaya, n'kujambula "Amazing Grace" anthu akupemphera momwemo. Chimbale chimenecho chinagulidwa kuposa 2 miliyoni. Al Green, amene atsikana ankamukuwira, mu 1976 anakhala m'busa wa mpingo wake ku Memphis. Ndiye ndimangoti mphatso ndi imodzi, munthu ndiye amasankha koipititsa.

Achimwene a ku Joni: Poti mwatchula Aretha, pali malo achitatu amene madala ndi achemwali a ku Manchester sanawatchule: Muscle Shoals, kadera kakumudzi ku Alabama. Aretha anakhala zaka zingapo ku kampani ya Columbia akumuimbitsa nyimbo zofatsa zosamuyenera. Atasamukira ku Atlantic, Jerry Wexler, mkulu wojambulitsa nyimbo kumeneko, anamutengera ku situdiyo ya FAME ya Rick Hall mu January 1967, n'kumukhazika pa piyano kuti aziimba yekha akutsogolera gulu. Tsiku limenelo kunabadwa "I Never Loved a Man". Usiku wake kunabuka mkangano, ulendo n'kuthera pomwepo, ndiye anyamata oimba zidawo anachita kuwakweza ndege kupita ku New York kukamaliza ntchito. "Respect" inajambulidwa kumeneko. Anthu ambiri ankaganiza kuti oimba zidawo ndi akuda, koma ambiri anali anyamata achizungu a kumidzi ya Alabama. Percy Sledge nayenso ndi wa dera lomwelo, ankagwira ntchito yothandiza odwala m'chipatala pamene ankajambula nyimbo yake ija mu 1966.

Madala a Gumbagumba: Ndipo musaiwale kuti "Respect" analemba ndi Otis Redding, n'kuitulutsa mu 1965. Wa ku Stax ameneyo.

Mlongo wa ku Manchester: Analemba ndi Otis, koma mwini wake ndi Aretha. Mwa Otis ndi bambo wofika pakhomo akufuna ulemu poti wabweretsa ndalama. Mwa Aretha ndi mkazi amene watopa. Mawu ambiri ndi omwewo koma nkhani inatembenuka.

Mayi a Kwaya: Ameni.

Mtsogoleri wa Gulu: Kkkk madala lero mwapanikizika. Pitirizani koma mwaulemu. Mnyamata wa ku Kawale, ukatha utijambulire mapepala apakati pa mbalezo titumizire, akuluakuluwa akuuze zimene uli nazo.

Madala a Gumbagumba: Sindinapanikizike ayi. Ndingomuuza mwanayu za Otis kuti akamagwira mbale yakeyo azidziwa chimene wagwira. Otis anafika ku Stax mu 1962 ngati woyendetsa galimoto ndi wonyamula zida za woimba gitala wina, Johnny Jenkins. Ntchito ya Jenkins sinayende bwino, nthawi inatsalako, ndiye anamulola mnyamata wonyamula katunduyo kuti ayese. Anaimba "These Arms of Mine". Patangotha zaka 5, pa 10 December 1967, ndege yake inagwera m'nyanja ya Monona ku Wisconsin. Anali ndi zaka 26. Anafera limodzi ndi anyamata anayi a gulu la Bar-Kays, anapulumuka ndi woimba lipenga yekha, Ben Cauley. "Dock of the Bay" anaimaliza kutatsala masiku ochepa, inatuluka iye ali m'manda n'kukafika pa nambala 1. Miyezi inayi pambuyo pake Martin Luther King anaphedwa pa Lorraine Motel mu Memphis momwemo, malo amene oimba a Stax ankakonda kukhala n'kumalemba nyimbo. Chaka chomwecho cha 1968 Stax inazindikira kuti pangano limene inasaina ndi Atlantic linapereka nyimbo zake zonse zakale kwa Atlantic. Anayambiranso opanda kanthu, anadzukanso ndi Isaac Hayes ndi The Staple Singers, mu August 1972 anadzaza bwalo la Coliseum ku Los Angeles ndi anthu oposa 100,000 pa chionetsero cha Wattstax, tikiti dola imodzi. Pofika 1975 kampani inagwa ndi ngongole.

Mnyamata wa ku Kawale: Zaka 26? Ine ndimaganiza kuti mawu amene aja ndi a bambo wachikulire.

Wa Besi ku Chipata: Aliyense amadabwa choncho. Tsopano ndiloleni ndilankhule za James Brown, chifukwa ameneyu ife a ku Zambia timamuwerengera ngati mlendo wathu. Anabwera kuno mu December 1970, anaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, anakumananso ndi a Kaunda. Akuluakulu amene ankaimba m'magulu a ku Copperbelt nthawi imeneyo amakamba kuti pambuyo pake aliyense ankafuna kukuwa ndi kuvina ngati iyeyo, ndipo ukamvera Zamrock, rock ya kuno ku Zambia ya m'ma 1970, fungo lake umalimva ndithu.

Chimene anasintha n'chiyani? Mu nyimbo za soul zimene takambazi, mphamvu imagwera pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, pamene anthu amawombera m'manja. Brown anaikokera pa kugunda koyamba. Gulu lonse limatera pamodzi pa koyambako, kenako aliyense ali ndi kachidutswa kake kakang'ono kobwerezabwereza, ndipo tizidutswato timalowana. Gitala sakuimbanso nyimbo, akugunda. Malipenga akugunda. Mawu a Brown mwiniwake akugunda. Zinayamba kuoneka pa "Papa's Got a Brand New Bag" mu 1965, n'kukhwima pa "Cold Sweat" mu 1967. Amene anaonapo ng'oma za gule wamkulu, mbalule ikulankhula pamwamba pomwe zinazo zagwira kayendedwe kake osasuntha, sangavutike kumvetsa funk.

Madala a Gumbagumba: Koma anali wankhanza kwa anyamata ake.

Wa Besi ku Chipata: Kwambiri. Ukaphonya noti kapena kubwera nsapato zosapukuta, ankakudula malipiro, nthawi zina akukuwerengera ndi zala ali pakati povina. Mu March 1970 gulu lake linamuukira pa nkhani ya ndalama, iye anangotumiza ndege kukatenga tianyamata ta ku Cincinnati, Bootsy Collins ndi mkulu wake Catfish. Amenewo ndiwo anaimba "Sex Machine", ndipo ndiwo anabwera nawo ku Zambia, Bootsy ali ndi zaka 19. Koma kuuma mutu komweko n'kumene kunatipatsa "Live at the Apollo". Mwini kampani ya King, Syd Nathan, anakana kujambula chionetsero poti palibe angagule nyimbo zimene ali nazo kale. Brown analipira yekha, anajambula pa 24 October 1962, ndipo chimbalecho chinagulidwa modabwitsa.

Mnyamata wa ku Kawale: Pali imodzi yalembedwa "Funky Drummer". Dzinali ndinalimvapo kwa anzanga opanga mabiti.

Mlongo wa ku Manchester: Eee! Mwana iwe, imeneyo uisunge bwino. Anzakowo akuidziwa chifukwa chakumapeto kwake Brown amauza gulu lonse kuti likhale chete, n'kutsala woimba ng'oma yekha, Clyde Stubblefield, kwa masekondi owerengeka. Kachidutswa kameneko kadulidwa n'kuikidwa m'nyimbo za hip hop zosawerengeka, za Public Enemy, za LL Cool J ndi ena. Stubblefield sanalembedwe ngati mlembi wa nyimboyo, ndiye ndalama za kudulako sizinkafika kwa iye. Atadwala, Prince ndiye anamulipirira ngongole za kuchipatala mwakachetechete. Anamwalira mu 2017. Nkhani yofanana ndi ya Gregory Coleman wa gulu la The Winstons. Ng'oma zake za pa "Amen, Brother" ya 1969, imenenso inali nyimbo ya kuseri kwa mbale, ndizo maziko a jungle ndi drum and bass kuno ku Britain. Anamwalira mu 2006 ali wosauka, osalandirapo kanthu.

Achimwene a ku Joni: Ndiye mukaona bwino nkhani yonseyi, kaya Memphis, kaya Detroit, kaya Cincinnati, amene anadyeredwa masuku pamutu ndi a ng'oma ndi a besi.

Wa Besi ku Chipata: Mpaka lero achimwene. Funsani aliyense woimba zida m'situdiyo za kuno kwathu ngati dzina lake limalembedwa.

Mayi a Kwaya: Ine funk imanditopetsa, ndinene chilungamo. Chinthu chimodzi kubwereza mphindi zisanu ndi ziwiri, munthu akungokuwa. Ndipatseni Al Green kapena The Staple Singers.

Wa Besi ku Chipata: Mayi, "I'll Take You There" ya Staple Singers imene mumaikondayo ndi chinthu chimodzi chobwerezabwereza kuyambira poyamba mpaka pomaliza kkkk. Ndipo chiyambi chake ndi besi yake anazitenga ku nyimbo ya ku Jamaica, "Liquidator" ya Harry J All Stars ya 1969. Anaimba ndi anyamata a ku Muscle Shoals omwe aja, David Hood pa besi.

Mayi a Kwaya: Koma pamwamba pake pali mawu a Mavis Staples. Kusiyana kwake n'komweko.

Mnyamata wa ku Kawale: Mwandigwira mtima akuluakulu, sindikutayanso. Koma funso lina, musandiseke. Zingagulitsidwe ndalama zingati?

Mlongo wa ku Manchester: Palibe chosekera. Kuno kumpoto kwa England kuli anthu amene moyo wawo wonse ndi mbale zimenezi. Amazitcha Northern soul. Kuyambira 1973 mpaka 1981 achinyamata ogwira ntchito m'mafakitale ankachezera usiku wonse ku Wigan Casino kuvina nyimbo zothamanga za ku America zimene kwawoko sizinagulidwe n'komwe. Kwa iwo mbale yodula ndi imene inalephera pa msika, chifukwa ndi yosowa. Ya Frank Wilson ya "Do I Love You", imene Motown inaletsa isanatuluke, inagulitsidwa mapaundi oposa 25,000 mu 2009. Zakozo ndi nyimbo zimene zinatchuka, zinadindidwa zambirimbiri, ndipo mwina zinavinidwa mpaka kukalika. Usayembekezere kugula galimoto. Ukafuna kudziwa mtengo, pita pa webusaiti ya Discogs, ulembe nambala imene ili pa pepala lapakati, uona zimene anthu agulitsapo. Ndikuuzenso ichi: ngati m'sutikesimo muli mbale za magulu a kuno kwathu, kaya The Movers a ku South Africa, kaya WITCH a ku Zambia, kaya za Nzeru Record Company za ku Malawi, zimenezo usagulitse mopupuluma. Osonkhanitsa mbale amazisaka kwambiri.

Madala a Gumbagumba: Asagulitse chilichonse. Aziimbe.

Mnyamata wa ku Kawale: Ndiziimbira pa chiyani madala? Galamafoni ya amalume inafa kalekale. Ndipo zina zili ndi fumbi ndi nkhungu.

Madala a Gumbagumba: Kutsuka n'kosavuta. Madzi oyera ofunda pang'ono, osati otentha, kadontho ka sopo wotsukira mbale zodyera, ndi kansalu kofewa kosatuluka ubweya. Upukute mozungulira kutsata mizere, osati modutsa. Pepala lapakati lisanyowe. Utsukuluze, uimike kuti iume pamthunzi. Pogwira uzigwira m'mphepete. Ukapezamo zolemera, zokhuthala, zolembedwa 78, usazikhudzitse sipiriti, imasungunula, komanso zimafuna singano yakeyake. Zing'onozing'onozo liwiro lake ndi 45, zikuluzikulu 33.

Achimwene a ku Joni: Galamafoniyo musaitaye musanaipititse kwa okonza mawailesi. Nthawi zambiri chimene chimafa ndi lamba wa labala woyendetsa mbale, kapena singano. Zonsezo zimapezeka kuno, wina wobwera pa basi atha kukutengerani. Singano yakutha musaimbire, imalima mbale. Mukagula ina yakale muonetsetse kuti si yochokera ku America, chifukwa kumeneko magetsi ndi 110 ndipo ena mwa makina awo amayenda mochedwa pa magetsi athu ngakhale mutaika chosinthira mphamvu. Muonenso ngati ampulifaya yanu ili ndi polowetsa polembedwa phono. Popanda pamenepo mawu amatuluka otsika ndi opyapyala, mpaka mugule kabokosi kokweza.

Wa Besi ku Chipata: Ndi kapulasitiki kozungulira koika pa chibowo chachikulucho. Kakasowa, akalipentala atha kukusemera kathabwa.

Mnyamata wa ku Kawale: Ndalemba zonse. Ndiyambe ndi iti ikakonzedwa?

Madala a Gumbagumba: Otis.

Mlongo wa ku Manchester: Temptations.

Wa Besi ku Chipata: Wilson Pickett palibe wakambapo za iye chiyambire. Ngati ili "In the Midnight Hour" yamba ndi imeneyo. Mnyamata wobadwira ku Alabama, wokulira ku Detroit, wa kampani ya ku New York, koma anaijambulira ku Stax mu 1965 ndi Steve Cropper ndi Al Jackson. Tcheru ku ng'oma, kugunda kwachiwiri kumachedwa pang'ono dala.

Mayi a Kwaya: Uyambe ndi Percy Sledge, ndipo uwaitane mayi ako akhale pomwepo. Mbale zimenezo ndi za mlongo wawo, mwina ena mwa maphwando amenewo anavina nawo.

Mtsogoleri wa Gulu: Zithunzi za mapepala aja tikudikirabe. Uyambe ndi zimene chiswe chinadya mayina, ujambule ndi manambala okanda pafupi ndi pepala lapakati, achemwali a ku Manchester atifufuzire kuti ndi za ndani.